Nkhoswe Idikire Panja

Ine ndine Japhet, ndimagulitsa masitiroberi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri la Zomba. Ndinenso nkhoswe ya mchemwali wanga Phoebe. Amuna ake atamwalira mu 2013, ndine ndinamuyankhulira tsiku lomusudzula.

Tsikulo a Douglas, akulu awo a malemu, ananena kuti nyumba ya ku Sadzi ndi ya m'bale wawo, poti ndiye amagwira ntchito m'boma. Phoebe atenge ana ndi ziwiya, abwerere kumudzi pakutha pa miyezi iwiri. Ine ndinavomera. Sindinafune phokoso manda asanaume. Phoebe anali chete, nkhope pansi, ndiye ndinangoti wagwirizana nazo.

Patapita milungu itatu anakwera kuphiri kudzandipeza.

"Achimwene, akuti Loweruka kukubwera maloya kuholo ya kutchalitchi. Aulere. Mundiperekeze."

Anzanga ogulitsa nawo anaseka. Ramadhani anati, "Loya waulere? A Japhet, mukakabwerako ndi kabudula yekha musadzatipemphe buluku."

Ndinapitabe. Mumtima ndimati akakamva kwa anthu ophunzira kuti nkhani inatha, mwina akhazikika.

Muholomo munali matebulo anayi, mzere wa anthu mpaka panja. Bambo wina anaimirira n'kufotokoza kuti iwo ndi komiti ya bungwe la maloya, amazungulira m'maboma kuthandiza anthu amene sangakwanitse loya. Ife tinagwera kwa mayi wachitsikana, a Mwaiwathu.

Ndinavula chipewa, n'kuyamba monga ndimayambira pamilandu: mayina, kwathu, mmene ukwati unayendera.

"Pepani bambo," anandidula. "Vutoli ndi la ndani?"

"La awa. Koma ine ndine nkhoswe."

"Ndamva. Ife timayamba ndi mwini nkhani ali yekha. Mudikireko panja, tikuitanani."

"Mayi, kwathu kuno pakamwa pa munthu wamkazi wamasiye ndi nkhoswe."

"Pakamwa pawo ndikupaona, bambo. Mano onse alipo."

Phoebe anabisa nkhope m'chitenje. Amaseka. Chimwalirireni amuna ake ndinali ndisanamuonepo akuseka.

Ndinatuluka mtima ukuwawa. Pabenchi panja ndinapeza azibambo ena atatu, onse ankhoswe, onse otulutsidwa. Wina anati ana amasiku ano sukulu inawaononga. Ndinavomereza. Koma pazenera ndimamuona Phoebe akuyankhula, manja akuyenda uku ndi uku, osapumira. Ndinadzifunsa kuti mawu onsewa anali kuti. Kenako ndinakumbukira kuti tsiku lomusudzula lija palibe anamufunsa kanthu. Ngakhale ine amene.

Atandiitana, a Mwaiwathu anali atadzaza mapepala awiri.

"Lamulo la chuma chamasiye limaika mkazi ndi ana patsogolo," anatero. "Zomwe munagwirizana pamkeka sizingawalande nyumba. Tiwalembera kalata a Douglas. Akakana tipita kukhoti, loya tikupatsani ife. Koma mwina adzanena kuti mayiwa sanaikepo dzanja panyumbayo, ndiye tikufuna mboni. Akuti njerwa anaumba okha. Alipo anaona?"

Ndinaona ine. Anaumba chaka chomwe anali ndi pakati pa mwana woyamba, madzi akusenza pamutu kuchokera kumtsinje. Nkhuni zootchera njerwazo ndinatsitsa ndine kuchokera kuphiri, panjinga, maulendo osawerengeka. Zonsezi ndimazidziwa pamene ndimavomera pamkeka paja.

Koma kusaina ngati mboni kunali kubweza mawu omwe ndinanena pagulu. Nkhoswe yobweza mawu anthu saiitananso pamilandu. Komanso a Douglas timapemphera tchalitchi chimodzi, benchi imodzi.

A Mwaiwathu sanandifulumizitse.

"Achimwene," anatero Phoebe osandiyang'ana, "ngati n'zovuta, siyani. Ndikapempha aneba."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutulutsidwa kuja. Mwana wa mayi anga akapemphe aneba, ine ndilipo.

"Bweretsani cholembera," ndinatero.

Kalata atailemba, a Mwaiwathu anati aitumiza ndi munthu wawo. Ndinakana. Ndinati amene anavomera ndi yemwe akabweze. Ndinakaipereka ndekha Lolemba, a Douglas ali pakhonde ndi abale awo awiri. Anaiwerenga kawiri.

"Alamu, si inu munavomera?"

"Ndine."

"Ndiye lero mwasanduka mwana?"

"Ayi. Ndinavomera nyumba yosakhala yanga, mwini wake ndisanamufunse."

Anandiuza mawu ena oti sindingawabwereze pano. Ndinangoima mpaka anatopa.

Kukhoti sitinafikeko. A Douglas anakafunsa kwa munthu wawo wodziwa malamulo, iye anawauza zomwezo, nkhani inathera pomwepo. A Douglas anasintha benchi, mpaka lero sandipatsa moni. Milandu yam'mabanja anthu sandiitananso kawirikawiri. Phoebe akadali ku Sadzi ndi ana ake. Chaka chatha anasintha malata akukhitchini, ine ndinakamuthandiza kukhoma.