Chombo Chomvera Liwu Limodzi

Lachiwiri pa 14 Malichi 2023, nthawi ya 6:40 m'mawa, Sikhangezile Ndiweni anatula pansi udindo wotsogolera gulu la Nkanyezi. Uthengawo anaulemba ali m'minibasi yochokera ku Luveve, ndipo unali wa mizere inayi. Ananena kuti ntchito yake ya unamwino yamusamutsira ku kachipatala ka kumudzi ku Binga, kuti anyamuka pa 1 Epulo, kuti kumeneko netiweki imagwira pamwamba pa chitunda chimodzi chokha, komanso kuti akuthokoza.

Gululo analiyambitsa pa 2 Febuluwale 2014 ndi anzake anayi. Pofika tsikulo linali ndi anthu 63, ambiri a mu Bulawayo momwemo, ena ali ku Joni ndi ku Ulaya. Onse ankalembera limodzi nthano imodzi pa intaneti, ya chombo chotchedwa Nkanyezi chimene chinachoka padziko lapansi kukafuna dziko lina kuseri kwa nyenyezi. Aliyense anali ndi munthu wake m'chombomo, ndipo ankalemba zonena ndi zochita za munthuyo. Wa Sikhangezile anali Kaputeni Zibusiso.

Malamulo anali atatu, onse oikidwa ndi iye. Zolembedwa sizifufutidwa. Munthu wa mnzako sumulankhulira. Wochoka alembe yekha mathero a munthu wake pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Lachinayi gulu linasankha Mgcini Mlilo, makaniko wa ku Nkulumane, kukhala mtsogoleri watsopano. Loweruka masana Sikhangezile ndi Mgcini anakumana m'kalesitilanti ka mumsewu wa Fife, pamodzi ndi MaTshuma, mayi wa zaka 61 amene anapuma ntchito ya ukalaliki kunjanji. Mayiwa ndiwo ankasunga kaundula wa nthanoyo. Chilichonse chachikulu chikalembedwa, ankachikopera ndi cholembera m'makope a chikuto cholimba, tsiku lake lili pambali.

"Tiwerengereni, asisi," anatero Mgcini. "Timve mmene mwamuphera Kaputeni."

"Wakuuza ndani kuti ndamupha?"

"Nkhope yanuyo. Mwabwera ngati munthu wochokera kumanda."

Sikhangezile anawerenga kuchokera pafoni. Mwala woyaka unali kubwera kudzagunda chombo. Kaputeni Zibusiso anatuluka yekha, nauphulitsa, nafera pomwepo. Anachilemba usiku ndi usana kwa masiku atatu, ndipo chinali chokoma. Atamaliza, Mgcini anayang'ana m'kapu mwake.

MaTshuma anapukuta zala zawo za mafuta a chipisi, natulutsa kope m'chikwama. "Pa 19 Juni 2016," anawerenga. "'Chombo cha Nkanyezi chimamvera liwu la Kaputeni Zibusiso lokha. Wina aliyense akachilamula, chimangoti zii.' Analemba ndani zimenezi, mwanawe?"

"Ndine, amayi."

"Zifufutike?"

"Sizifufutika."

Onse atatu ankakumbukira chifukwa chake. Chaka chimenecho mnyamata wina wa ku Gweru analemba kuti munthu wake walanda chombo, ndipo Sikhangezile, atapsa mtima, anamutsekereza ndi mizere iwiriyo. Gulu linamuombera m'manja. Palibe anaganiza za tsiku limene adzachoke.

"Ndiye Kaputeni akafa, ife tizingoyandama," anatero Mgcini. "Anthu 62 m'chitini. Mwandisiyira galimoto yabwino, asisi, koma makiyi mukupita nawo ku Binga."

"Walira mvula walira matope," anatero MaTshuma, osayang'ana aliyense.

"Njira ilipo," Mgcini anapitiriza. "Ndipatseni Zibusiso. Ndizimulemba ine. Lamulo lachiwiri tilipumitse kamodzi kokha."

"Iwe? Umalemba ngati ukumanga mabawuti."

"Mabawuti anga sagwa."

Anaseka, koma Sikhangezile anaika foni m'thumba n'kutseka zipi. Anadabwa yekha ndi mmene dzanja lake linachitira msanga. Kuchipatala iye anali munthu wotumidwa: tenga ichi, sintha bedi ilo, dikira adokotala. Zibusiso anabadwa m'mutu mwa Sikhangezile m'chaka chimene mayi ake ankadwala, pa benchi ya panja pa wodi, ndipo ndiye yekha amene akalankhula zinthu zinkasuntha. Kumumva akulankhula ndi pakamwa pa wina kukanakhala ngati kuona mlendo atavala diresi la mayi ake. Kuli bwino afe.

"Muli ndi mpaka Lachiwiri," anatero MaTshuma, akutseka kope.

Lamlungu masana, akulongedza mabuku m'makatoni, Sikhangezile anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga mauthenga amene anthu anamutumizira. Anali 58. Ankayembekezera mawu otsanzikana, ndipo analipodi, koma ambiri atathokoza ankatembenukira ku zawo. Mayi wina wosamalira okalamba ku Ulaya anati kulemba m'gululi ndi kumene kunamuthandiza kupirira chisanu choyamba, kenako anafunsa ngati munthu wake angapitirize kulima nyemba m'chipinda chachinayi cha chombo. Mphunzitsi wa ku Plumtree anati munthu wake ndi wa mnzake akonza ukwati mu Julayi, ndipo akufuna udzachitike chombo chikudutsa pafupi ndi nyenyezi yofiira. Wina anangolemba kuti, "Musanapite, tiuzeni, kodi tidzafika?"

Anawerenganso imfa ya Zibusiso. Inali yokomabe. Koma anaona kuti m'ndime zonse khumi ndi ziwiri munalibe dzina la munthu wina aliyense. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anthuwa anamupatsa nthawi yawo, pa basi, pamzere wa madzi, magetsi atazima, ndipo iye ankafuna kuwathokoza powasiya m'mdima kuti yekha atuluke bwino.

Anaimbira MaTshuma.

"Amayi, m'kaundulamo, chombo ndi cha ndani?"

"Funso lanji limenelo? Ndikuchapa."

"Chombo chimalankhula. Chimayankha Kaputeni. Amachilemba ndani?"

Panamveka kutsekedwa kwa mpopi, kenako mapepala. Zinatenga mphindi zinayi. "Umachilemba ndiwe. Koma pamndandanda wa anthu ndi eni ake palibe. Sichinalembetsedwe."

"Ndiye chilibe mwini."

"Mwa malamulo, chilibe."

"Chitengeni inu."

"Ine? Ukufuna ndikhale galimoto ya Mgcini?"

"Ndikufuna chikhale ndi mutu wakewake. Ine ndinachipanga kapolo. Mukachilembetsa m'dzina lanu, palibe angachilankhulire, ngakhale ine."

MaTshuma anatseka kope. "Ukudziwa kuti ndine wovuta," anatero.

"N'chifukwa chake ndaimbira inu."

Lachiwiri pa 21 Malichi, nthawi ya 5:15 madzulo, kutatsala maola ochepa kuti masiku asanu ndi awiri athe, Sikhangezile anatumiza ndime yake yomaliza monga mtsogoleri. Munalibe mwala woyaka. Kaputeni Zibusiso anayenda m'zipinda zonse za chombo, natchula aliyense ndi dzina ndi chimene anachita, mayina 62, osadumpha ngakhale limodzi. Kenako anaima kutsogolo, Dabula, munthu wa Mgcini, ali pambali pake.

"Nkanyezi," anatero Kaputeni, "ndakulamula zaka zisanu ndi zinayi ndipo sunandikanepo. Lamulo langa lomaliza ndi ili: kuyambira lero udzisankhire wekha womumvera. Ine ndikupempha kuti umumvere uyu, koma pempho si lamulo."

Atatero anakwera kachombo kakang'ono kupita ku dziko lina lapafupi kumene kunali odwala. Mauthenga ochokera kumeneko, ndimeyo inatero, amatenga mwezi kuti afike.

Mgcini anamuimbira usiku womwewo. "Asisi, mwandipereka kwa amayi aja? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Uziwalankhula mwaulemu."

"Ndawapatsa kale moni kawiri. Zii."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene."

"Zikomo, Kaputeni," anatero Mgcini, ndipo sanali kuseka.

Sikhangezile ananyamuka pa 1 Epulo monga ananenera. Ku Binga kunali kotentha, odwala ambiri, anamwino awiri okha. Masiku oyamba dzanja linkapita lokha kuthumba kukafuna foni nthawi ya tiyi, kenako linasiya.

Lamlungu pa 30 Epulo, atatuluka kutchalitchi, anakwera chitunda chija n'kukhala pamwala, pansi pa mlambe. Foni inanjenjemera kwa nthawi yaitali. Ndime zatsopano zinali 412, kuposa za mwezi wina uliwonse chiyambire gululo. Poona kuti chombo sichikuyenda, anthu anagawikana. Ena ankachiimbira nyimbo, ena ankafuna kuchimasula mawaya, ndipo mwini nyemba uja anachipititsira mbale ya ndiwo. Anthu asanu ndi awiri atsopano analowa. Palibe anafunsa kuti Kaputeni akanatani.

Anawerenga zonse, dzuwa likumuwotcha m'khosi, akuseka yekha. Kenako analemba uthenga wa Zibusiso, wa mzere umodzi, wonena kuti wafika bwino ndipo akuwakumbukira onse.

Pofika tsikulo Dabula anali atalankhula ndi chombo maulendo 17. Chinamuyankha kamodzi kokha, pa 22 Epulo, ndi funso: "Ukufuna tipite kuti, ndipo anzakowa wawafunsa?" Ukwati uja udakali wa mu Julayi. Nyenyezi yofiira ili kumanzere, ndipo chombo sichinakhotebe.