Nyumba ya Apongozi Pamtsetse

Webster Kadzakumanja anaima pakati pa mashelefu m'sitolo ya zipangizo za galimoto ku Oshawa, manja ali kumbuyo ngati munthu wodzagula ng'ombe. Patsogolo pake panali zotchingira matayala za mitundu itatu. Kunali kutatsala masiku awiri kuti apongozi ake atere ku Toronto.

ANachisale, mayi a mkazi wake Zelipa, anavomera kubwera kuchokera ku Dedza kudzakhala miyezi itatu yotentha, koma anaikapo lamulo. Sangagone denga limodzi ndi mkamwini, n'kumakumana naye pakhomo la bafa m'mamawa. Kwawo zimenezo n'zolaula. Tsono kanyumba ka lendi ka Webster kanali ndi bafa limodzi lokha, choncho iye anagula kalavani yakale ya matayala anayi, yokhala ndi bedi ndi bafa lake, n'kuiimika pakhomo.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: apongoziwo ailandire nyumbayo. Zaka makumi awiri zapitazo anakwatira Zelipa osamanga ngakhale kakhumbi kuchikamwini, kenaka n'kuuluka naye. ANachisale sanaiwale. Pafoni ankakonda kukumbutsa mwana wawo kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kutereka, ndipo mawuwo ankamupweteka Webster ngakhale ankanamizira kuseka.

Vuto linali bwalo. Linali la phula, lotsetsereka, lokathera mumsewu wodutsa mabasi. Dzulo lake Webster anatchinga matayala ndi njerwa ziwiri monga amachitira aliyense kumudzi. Zelipa atalowa kukayala bedi, njerwa imodzi inaphwanyika, inzake inatereka paphulapo, ndipo kalavani inasendera kumsewu. Sinapite patali, koma Zelipa anatuluka chothamanga.

"Bambo a Ulemu, chinthuchi chikumuva. Amayi sindiwagoneka muno ine. Tingobuka hotelo basi."

Kukagoneka apongozi kuhotelo kukanakhala kuvomera pamaso pa anthu kuti walephera kachiwiri. Webster anapempha tsiku limodzi lokha, ndipo n'chimene chinamufikitsa m'sitolomo.

Wogulitsa, bambo wa ndevu zofiira dzina lake Lewis, anamupatsa zapulasitiki zachikasu, nati anthu ambiri amatenga zimenezo chifukwa n'zopepuka. Webster anatembenuza chimodzi n'kupeza kunsi kuli mphako yokhayokha. Chikomekome cha nkuyu. Anachiika pansi, nachikankha ndi phazi, ndipo chinathamanga mpaka kushelefu ya mabatire. Lewis anabweretsa zachitsulo zolowetsa pakati pa matayala awiri. Webster anati zimenezo zimaletsa kugwedera, koma sangaziikizire munthu wogona pamtsetse. Pomaliza ananyamula chalabala chakuda, cholemera, cha mano kunsi, chachitali mokwanira kuti tayala lisachikwere. Anachikankha ndi mphamvu zake zonse, koma chinangokhala phee. Anatenga zinayi.

Lewis anamufunsa kumene anaphunzira zimenezi, ndipo apa Webster anazengereza. Ku Mississauga, kumene amayang'anira nyumba yosungiramo katundu, panalibe ankadziwa kuti zaka zisanu ndi chimodzi anali wothandiza dalaivala wa lole pamsewu wa Khwekhwelele. Lole ikatopa pachitunda, iye ndiye ankadumpha chipika chili paphewa, kuthamangira tayala lakumbuyo matani khumi a chimanga asanabwerere kuphompho. Ntchito imeneyi ndiyo aNachisale ankamunyoza nayo, ndipo iyenso anazolowera kuibisa. Koma tsikulo anaifotokoza yonse, mpaka kuonetsa chala chimene chipika chinapinda. Anadabwa kuti manyazi sanabwere.

Atafika kunyumba anakoleka kalavani kugalimoto, naika zotchingira ziwiri kumunsi kwa matayala, mbali ndi mbali. Anaisendeza pang'onopang'ono mpaka matayala ataluma labala, ndipo pamenepo anakhoma zina ziwirizo kumtunda. Atatero anatsitsa miyendo ya kalavani n'kumasula galimoto. Anauza Zelipa alowe akadumphe mmene angathere.

"Mwaitesta bwino koma?" anafunsa Zelipa ali pakhomo.

"Dumphani mayi. Ikasuntha, hotelo ndikabuka ndekha."

Zelipa anadumpha mpaka kutuluka thukuta. Kalavani sinamve kanthu.

Loweruka masana aNachisale anafika. Webster atatsitsa zikwama anakaima kuseri kwa galimoto, chipewa chili m'manja, monga amachitira mkamwini woleredwa. Apongozi anayang'ana kalavani, nayang'ana mtsetse, nayang'ana basi imene inkadutsa kumunsi. Anazungulira pang'onopang'ono, akugogoda chotchingira chilichonse ndi nsonga ya ambulera. Anafunsa mwana wawo kuti waika zimenezi ndani, ndipo Zelipa anati eni ake, bambo a Ulemu, ndi manja awo.

ANachisale anakwera, natseka chitseko, ndipo panja pankamveka mapazi awo akuponda dala mwamphamvu kuchokera kubedi mpaka kubafa, n'kubwereranso. Labala uja Webster sankamukayikira ngakhale pang'ono. Chimene ankaopa chinali mtima wa mayiwo, umene sitolo iliyonse inalibe chotchingira chake.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. ANachisale anali atavula nsapato za ulendo, chitenje atamanga m'chiuno.

"Iwe Zelipa, tawafunsa aKadzakumanja ngati m'dziko muno mumapezeka tsache. Pakhomo panga sipangaoneke chonchi."

Webster anathamangira kugalaja. Tsachelo sanawapatse m'manja; analigoneka pansi chapatali, nabwerera chafutambuyo.

Apongozi anawerama, natola tsache, nayamba kusesa kuyambira pakhomo pawo kutsikira kumsewu.