Laputopu Pansi pa Chitenje cha Namfedwa

"Mlamu, laputopu ija ndi ya esiteti, bweretsani," anatero a Nelson ali chiimire pakhomo, chipewa m'manja ngati mkulu wa mpingo.

Mayi Consolata sanasunthe. Amuna awo, a Alick, anali atangoikidwa, nyumba isanasesedwe, ndipo namfedwa sadzutsidwa pamphasa ndi mwamuna, ngakhale akhale kapitawo wa pa esiteti ya fodya ngati a Nelson. Laputopuyo inali pansi pa chitenje chawo, ikuwaotcha ntchafu, ikulira ngati udzudzu.

"Nanga chikulirachi n'chiyani?"

"M'mimba mwangamu, mlamu. Chisoni."

A Alick anatumidwa ndi abwana a esiteti kuyeza pakompyuta kumene madzi angathamangire damu la esiteti litagumuka. Kumunsi kwa damulo, m'dambo, ndiko kunali nyumba za matenanti. Koma pulogalamu yake inkafera panjira: madzi akangotuluka m'damu, manambala ankapenga, chithunzi n'kuima. Matenda anawatenga asanaikonze. Abwana anapumira m'mwamba, poti popanda chithunzi panalibe wowakakamiza kusamutsa anthu, chonsecho mvula inali pafupi.

"Chinthucho n'chakufa kale," anatero a Nelson. "Mukuchikakamiriranji?"

"Sichinafe, bambo aang'ono," anayankha Emmie, mwana wa malemuwo, wophunzira zauinjiniya. "Adadi analowetsa dambo louma gwa, monga limakhalira m'chilimwe. Pulogalamuyi mtsinje wopanda madzi siiudziwa, imatsamwa. Ndathiramo timadzi toyambira, ndaiuzanso kuti iziwerengera pang'onopang'ono, isamadumphe. Panopa ikuyenda."

"Ikuyenda kuti?"

"Pansi pa amayi."

Azimayi ogonera pamaliro anabisa pakamwa m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka.

"Mundichotsetsa ntchito inu!"

"Ndiye bwerani mundinyamule," anatero a Consolata. "Koma samalani msana, sindine belo la fodya ine."

A Nelson anaponya phazi limodzi, anayang'ana azimayi aja, n'kulibweza bwinobwino pomwe analitenga.

Kulira kwa laputopu kuja kutaleka, a Consolata anavundukula chitenje. Pachithunzi madzi anatuluka m'damu, anadutsa zigafa, anakwera msewu wa ku Santhe, n'kulowa m'nyumba za matenanti mpaka m'mawindo. Emmie anajambula ndi foni, n'kutumiza kwa a zamadzi ku boma a Nelson akuona.

"Tengani tsopano, mlamu. Ndakufunditsirani, musaope, siizizira."

Koma a Nelson sanatambasule dzanja. Anali atawerama, akuyang'anitsitsa tinyumba tomira tija. Mkulu wawo, malemu a Alick, sanatiike manambala monga esiteti imachitira. Pa kanyumba kalikonse panali dzina la mwini wake, ndipo pa kakumapeto kwenikweni analemba kuti: "Kwa a Esau. Miyendo imawavuta. Muyambe kuno."

A Consolata anaika chala pa kanyumbako, n'kukaphimba, madzi akudutsa uku ndi uku.