Diso la Mwamuna Lisaone

Shagufta ankajambula maukwati mumzinda wa Multan, koma kumbali ya amayi kokha. Kumene amuna saloledwa kulowa, kumene amayi amavula nsalu zakumutu n'kuvina mpaka thukuta kamukamu, iye ndiye ankalowako ndi kamera yake. Malonda ake onse anagona pa lonjezo limodzi: zimene wajambula, diso la mwamuna silidzaziona. Mabanja ankamuitana chifukwa cha lonjezo limenelo, ngakhale mwiniwake ankakonda kuganiza kuti ndi luso.

Panali ukwati umodzi umene unkamusowetsa mtendere, wa mtsikana wina dzina lake Mehwish. Pa tsiku la mwambo wopaka akazi utoto wa hina m'manja, amayi a mkwatibwi, Mayi Zarina, amene impso zinali zitawafooketsa kale, anadzuka pampando n'kuvina. Anavina mphindi zinayi zokha, tsitsi lawo la imvi lili pamtunda, anthu akuomba m'manja ndi kulira pamodzi. Atakhala pansi anamugwira Shagufta padzanja.

"Mwana wanga, lumbira," anatero akupuma mwabefu. "Zaka makumi anayi palibe mwamuna wachilendo waona tsitsi langa. Asadzayambe chifukwa cha kamera yakoyi."

Shagufta analumbira. Patapita masabata asanu Mayi Zarina anamwalira, ndipo Mehwish anayamba kuimba foni. Sankafuna zambiri. Ankati, "Achemwali, zinazo musavutike nazo. Ndikungofuna ndione amayi akuvina."

Vuto linali laputopu. Inali itakalamba, batire lake linafa kalekale, ndipo kanema wa ola limodzi inkamutafuna tsiku lathunthu ikulira ngati chigayo. Magetsi akathima pakati, ntchito inkayambiranso poyamba. Shagufta anaganiza zomanga kompyuta yapatebulo yotsika mtengo, ndipo anati amanga yekha, poti kupatsa amisiri kunali kuwasiyiranso diski imene ankasungamo ntchito zake zonse.

Kumsika wa makompyuta, pansanja yachiwiri, kunali kashopu ka Mazhar, bambo wa ndevu zofiira amene sankagulitsa kanthu asanamuseke kaye wogula. Anayang'ana ndalama za marupi zimene Shagufta anabwera nazo, kenako anamuyang'ana iyeyo.

"Achemwali, mukufuna kompyuta kapena chithunzi cha kompyuta?"

"Musandinyoze, achimwene, ndaganiza kale zonse. Pulosesa yakale koma yamphamvu, memori yambiri, khadi la zithunzi la kaunjika. Bokosi ngakhale likhale lonyansa, silijambula."

"Nanga diski?"

"Yofanana ndendende ndi imene ndili nayo. Sinandikhumudwitsepo."

Mazhar anafufuza m'katoni n'kutulutsa ina yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu womwewo ndi kukula komweko. "Mapasa," anatero. "Samalani, mapasa amasokoneza ndi mayi wawo yemwe."

Loweruka m'mawa Shagufta anayala nsalu pansi m'chipinda chake n'kuyamba ntchito, foni ili pambali ikumuonetsa zochita. Pulosesa, ubongo wa kompyuta, anaikhazika pang'onopang'ono, kuopa kupinda timano take. Anadontheza kaphala koziziritsa kakakulu ngati njere ya mphodza, anamanga fani, analowetsa memori mpaka inalira kuti tha. Mawaya anamuzunguza mutu ola lathunthu, tiyi wake n'kuzizira osamwedwa. Pomaliza analumikiza madiski onse awiri, yatsopano poyamba, yakale pambuyo. Atadina batani, fani inazungulira ndipo sikirini inawala. Anaseka yekha ngati mwana. Kunena zoona, anadzimva kuti ndi munthu.

Kenako pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta inafunsa kuti ikhale pa diski iti. Pasikirini panali mizere iwiri yofanana, kukula kumodzi, ndipo yonse inali ndi zinthu mkati, poti ya Mazhar nayo inabwera ndi zinyalala za mwini wake wakale. Shagufta anaganiza mwanzeru zedi: yatsopano ndinayamba kuilumikiza, ndiye yoyambayo ndi imeneyo. Sanadziwe kuti kompyuta siwerenga kuti unayamba kugwira iti, imangowerenga mabowo a pabolodi lamkati mmene mawaya alowa. Anasankha yoyamba, anavomera kuti ifufutidwe, n'kupita kukawiritsanso tiyi.

Atabwerera zonse zinali zitatha bwinobwino. Kompyuta inkathamanga ngati mphepo. Anatsegula diski yachiwiri kuti ayambe kanema wa Mehwish, ndipo anapezamo mabuku a sitolo ya matayala ya munthu wina wosamudziwa. Anatseka, anatsegulanso. Matayala omwewo. Anathamangira makhadi a kamera, koma inali nyengo ya maukwati, onse anali atawafufuta kawiri kapena katatu kuti ajambulirepo ena. Anakhala pansi pansalu paja.

Anaimbira Mazhar. Kwa nthawi yoyamba bamboyo sanaseke.

"Zimitsani pompano. Musayatsenso. Mphindi iliyonse ikuyaka, ikulemba pamwamba pa zinthu zanu. Bweretsani diskiyo, muisiye, mudzatenge Lachinayi."

"Kuisiya ndiye ayi."

"Bwanji?"

"Muli amayi a anthu osafunda kumutu. Ndinalumbira."

Mazhar sanatsutse. "Ndiye bwerani nayo, tione chimene tingachite popanda maso anga."

Chimene anachita chinaseketsa nsanja yonse. Shagufta anakhala pakompyuta ya m'shopumo, sikirini ataitembenuzira kukona ndi kuitchinga ndi mpango wake. Mazhar anakhala pampando kuyang'ana khoma, akulamula ngati woyendetsa galimoto wakhungu.

"Tsopano yalemba kuti chiyani?"

"Yati ndisankhe kufufuza mwachangu kapena mozama."

"Mozama. Tilibenso changu ife."

Wogulitsa makiyibodi wa shopu yoyandikana anasuzumira. "Aa, Mazhar, walakwanji? Aphunzitsi akuimika pakhoma?"

"Choka iwe, ndikupemphera kuti makiyibodi akowo ayambe kugwira ntchito."

Masiku awiri anatha choncho. Mafayilo anabwerera zikwizikwi, opanda mayina, osakanikirana ngati mpunga wotayikira mumchenga. Shagufta anawatsegula limodzilimodzi maso mpaka kuwawa. Maukwati amene anapereka kale kwa eni ake, amene sankawafunanso, anabwerera athunthu. Ukwati wa Mehwish unabwereranso: chakudya, mphatso, azakhali akukangana za mipando. Fayilo limodzi lokha, lalikulu, la tsiku la hina, linakana kutseguka.

"Mutu wake wadulidwa," anatero Mazhar ali chiyang'anire khoma. "Pulogalamu ija inakhala pamenepo. Thupi lilipo, koma lili zidutswazidutswa."

"Silingasokedwe?"

"Lingasokedwe. Ndinachitapo. Koma ndi ntchito ya manja, kachidutswa ndi kachidutswa, ndipo umayenera kuona chithunzi kuti udziwe kamene kakutsatira kanzake."

"Ndiuzeni, ndichite ine."

Anayesa. Masana onse Mazhar ankanena, Shagufta akuwerenga manambala a pasikirini, koma anali ngati munthu wofotokozera mnzake kasokedwe ka malaya pafoni. Chimene chinatuluka chinali mizere yobiriwira ndi phokoso. Kamodzi kokha, pakati pa mizereyo, Shagufta anaona dzanja lopaka hina litakwezedwa m'mwamba, kenako linasowa. Misozi inamutuluka osaitana.

"Kodi palibe mayi amene amadziwa ntchito imeneyi?"

"Mumsika muno? Mwaonamo amayi angati chibwerereni? Mwina alipo kwinakwake, koma ine sindikumudziwa." Mazhar anapukusa mutu. "Achemwali, ndili ndi ana aakazi atatu. Ndiziona ngati dokotala, ndipo pakamwa panga sipadzatuluka kanthu. Mwini wake sangadziwe."

Shagufta anadziwa kuti bamboyo akunena zoona, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri. Njira inali yotseguka, yapafupi, yopanda mboni.

"Tsitsilo si langa, achimwene," anatero. Anakulunga diski mumpango n'kutuluka.

M'mawa mwake anakwera kanjinga ka matayala atatu kupita kunyumba kumene Mehwish anakwatiwa. Anamupeza akusenda adyo pakhonde lamkati, ndipo mtsikanayo atamuona anadzuka nkhope yonse ikuwala, akupukuta manja.

"Mwabweretsa?"

Shagufta anafotokoza zonse, osadzikometsera: madiski awiri aja, kusankha kwake, khoma la Mazhar, dzanja limene linaoneka n'kusowa. Mehwish anamvetsera osamudula.

"Ndiye amayi alimo?"

"Alimo."

"Akuvina?"

"Akuvina. Koma kuti tiwaone, bamboyo ayenera kuyamba kuwaona iyeyo. Mwina masiku atatu, chithunzi ndi chithunzi."

"Nanga amayi anati chiyani kwenikweni?"

Shagufta anabwereza mawu aja monga anawamvera, ndi zaka makumi anayi zomwe. Anati iye sangasankhe, n'chifukwa chake wabwera kwa mwini wake. Ankaganiza kuti wachita zolungama, ndipo penapake mumtima ankadikira kuti Mehwish amuuze choncho.

Mehwish anakhalanso pansi. Anatola kachidutswa ka adyo, anakatembenuza m'zala, osakasenda. Atayankhula, mawu ake anali otsika, opanda mkwiyo, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Achemwali, bwanji simunangowapatsa bambowo osandiuza? Mukanabwera nayo yokonzakonza, ine ndikanaonera amayi anga tsiku lililonse, osadziwa kanthu." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tsopano mwandiuza. Ndivomera bwanji?"

Apongozi a Mehwish anaitana ali kukhitchini, kufunsa ngati mlendoyo amwa tiyi wa shuga, ndipo palibe amene anawayankha.