Botolo la Mng'ono wa Colby

Loweruka pa 12 Okutobala, Wendell Haskins anakhala pakhonde akukulunga botolo la wisiki ndi pepala lofiira. Mwana wake Colby, wazaka 21, ankangomuyang'ana.

Colby anali m'chaka chachitatu pa yunivesite ya m'tauni mwawo, ku Ohio. Anali m'gulu la anyamata okhala nyumba imodzi amene amatchulana abale, gulu lomwe bambo ake analowa mu 1994. Mwambo wake unali wakuti mnyamata watsopano amapatsidwa mkulu womuyang'anira, ndipo mkuluyo amamulandira ndi botolo loti alimalize tsiku lomwelo. Lachinayi likubwerali Colby ankalandira mng'ono wake wa m'gululo, Desmond, wazaka 18.

"Adadi, botololi ndikuliopa," anatero Colby.

"Iwe, ukuopa chiyani? Ine ndinamwa langa, suyu ndili moyo?"

"Amami amati munadzuka m'bafa la eni ake mutavala nsapato imodzi."

Wendell anaseka mpaka kutsokomola. Mumtima ankangofuna kuti mwana wake akaonekere kuti ndi wa m'banja lakale m'gululo.

Nthawi yomweyo Loretta Ostrowski, wa nyumba yoyandikana nayo, anafika kudzabweza makwerero. Iye anali atagwira kale ntchito zaka 19 mu ofesi yoona za ophunzira pa yunivesitepo.

"Mphatso ya ndani imeneyo, a Wendell? Tsiku langa lobadwa linadutsa kale."

Atamufotokozera, Loretta anakhala pansi.

"Mnyamatayo ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zitatu."

"Lamulo limati 21. Womupatsa mowa wapalamula mlandu, ngakhale amupatse mwachikondi. Colby, pepala la malamulo a gulu lija unasaina mu Ogasiti unaliwerenga?"

Colby anakanda mutu. "Pang'ono."

"Pang'ono n'kusawerenga. Gulu lanu linaletsa mowa waukali m'nyumbamo mu 2019. Inshuwalansi yanu imateteza okhawo otsata malamulo. Desmond akagwa pamasitepe kapena akatsamwa ndi masanzi ali mtulo, gulu lidzasamba m'manja. Kukhoti kudzapita iwe wopereka botolo, ndi inu a Wendell ogula."

"Koma ndi mwambo wathu, a Loretta," anatero Wendell chapansipansi.

"Ndaimbirapo makolo foni kawiri chifukwa cha mwambo umenewo. Ulendo wachiwiri mwana sanadzuke. Tandiuzani, pa tsiku lanu lija mumakumbukapo chiyani?"

Wendell anayesa kukumbuka. Za botolo sankakumbuka kalikonse. Chimene ankakumbuka chinali m'mawa wake, pamene mkulu wake anamupeza akunjenjemera n'kumuveka jekete lake.

Wendell analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete lija, lobiriwira, lothetheka m'zigongono. M'kati mwa kolala munali mayina awiri olembedwa ndi inki, la mkulu wake ndi lake.

"Lembapo lako, la Desmond pansi pake," anatero.

"Likununkha chaka cha 1994, adadi."

"Ukalichape. Mkulu wake ndiwe, si ine."

Lolemba, Colby anapita ku ofesi ya Loretta ndi mtsogoleri wa nyumba yawo. Anawerenga malamulo onse mpaka tsamba lomaliza, n'kugwirizana kuti Lachinayi sipadzakhala botolo lililonse. Ena anang'ung'udza, mmodzi anamutcha Colby agogo, koma akulu onse khumi ndi anayi anabweretsa mphatso zina.

Lachisanu pa 18, nthawi ya 8 koloko m'mawa, Wendell analandira chithunzi pafoni. Desmond anali m'kalasi, maso ali gwa, manja atasowa m'mikono ya jekete lomukulira. Wendell anathamangira kumpanda kukamuonetsa Loretta.

"Mwaona?" anatero Loretta. "Amene wapatsidwa mng'ono wapatsidwa moyo wa munthu. Werengani malamulo musanasaine, ndipo wosakwana zaka 21 musamupatse mowa, ngakhale mwambo unene."

Botolo lija linabwerera m'kabati, likadali m'pepala lake lofiira.