Galimoto Yokafika ku Katete

"Bwerera, udutsenso pomwepo," anatero Thandazani. Anali atagona chagada pa mpando wakumbuyo wa Benz, maso atatseka, mawondo atapinda.

Jethro anatembenuzira galimotoyo pafupi ndi msika wa Kabwata, n'kudutsanso pa hampu ija, kachitunda ka pamsewu kochepetsa liwiro. Galimoto inakwera mofewa, n'kutsika mofewa.

"Wamvela?" anatero Jethro akumenya chiwongolero. "Iyi ni Benz, mwana. Hampu ikaiona imagwada yeka."

Thandazani sanaseke. Ankamvetsera msana wake, fupa lililonse palokha, kuti adziwe pamene galimotoyo ingapweteke munthu.

Mayi ake, a Rhoda, anali atawatulutsa m'chipatala. Khansa inali italowa m'mafupa a msana, ndipo madokotala anati chatsala n'kuwapatsa mankhwala opha ululu basi. Tsiku lotuluka anawatengera pa takisi. Pa hampu iliyonse mpaka kufika kunyumba ankakuwa, mayi amene pa maliro a amuna awo analira mosatulutsa mawu. Tsopano ankapempha chinthu chimodzi chokha: kukafika kwawo ku Katete maso akadali otsegula. Basi ya pa depoti ya Intercity sakanaikwanitsa, chifukwa kukhala tsonga kunali kutawakanika. Thandazani, amene anasiya koleji kuti aziwasambitsa ndi kuwatembenuza, anatsimikiza mumtima kuti kukuwa kuja sadzakumvanso. N'chifukwa chake anapempha Jethro, mnzake wa ku koleji, kuti abwere ndi galimoto ya bambo ake kuchokera ku Woodlands.

"Iyi ili bwino," anatero Thandazani akudzuka. "Tiye ku Kamwala, ndikayesenso ya amalume."

Amalume ake, a Wilbroad, anali ndi kashopu kogulitsa misomali, malata ndi simenti. Hilux yawo inali itaima pakhomo, yotuwa ndi fumbi la simenti, yokhala ndi denga kumbuyo kwake. Chitseko chimodzi chinali cha mtundu wina. Ataona Benz ikuima, anapukusa mutu.

"Mphwanga, wabwela na motoka ya pa ukwati? Kuli mkwatibwi ku Katete?"

"Ba mudala, muli shani?" anapereka moni Jethro akutsika. "Ni iyi ngolo yamene mufuna kunyamulilamo odwala?"

"Ngolo iyi siinanigonekepo pa njila, iwe. Nafika nayo ku Chama, mvula ili pakati. Yako ija ikaona matope iyamba kuitana amai ake ku Jelemani."

Thandazani anangotulutsa matiresi amene amalume ake ankapumulirapo masana, n'kuwayala kumbuyo kwa Hilux, n'kugonapo. "Amalume, yendetsani. Mudutse pa mahampu a kuseri kwa msika, pang'onopang'ono."

A Wilbroad anayendetsa pang'onopang'ono monga anawapemphera. Komabe matayala akumbuyo atangotsika pa hampu yoyamba, galimoto inadumpha ngati mbuzi. Mutu wa Thandazani unagunda chitsulo, mano anagundana, ndipo analawa magazi pa lilime. Pa hampu yachiwiri anamenya denga ndi chibakera kuti aime.

Atabwerera pa shopu, anthu anali atasonkhana, chifukwa ku Kamwala mkangano wa magalimoto suchedwa kupeza eni ake. Wina wokankha wilibala anati Isuzu ndiye mwamuna, imakalamba koma siifa. Wogulitsa nsalu anati ayi, Nissan yakale ija. Mnyamata wina wa magalasi akuda anati onsewo ndi a kumudzi, galimoto ndi Subaru, imagwira msewu ngati nthata ndipo ku Katete munthu amakafika tiyi asanazizire.

"Sindikupita ku mpikisano!" anakuwa Thandazani. "Ndikunyamula amayi anga. Msana wawo wathetheka ngati chikho!"

Anthu aja anayang'ana pansi. Wa wilibala anainyamula n'kumapita.

"Jethro, tipita pa yako," anatero Thandazani. "Mawa m'mawa."

Jethro anakanda kumutu. "Mwana, ba dadi banena ati pa tala chabe. Nizakufikitsani pa Katete boma. Kuchoka apo mufune vina."

"Kuchoka pa boma kufika kumudzi ndi msewu wa dothi, ndipo pali mtsinje wopanda mlatho."

"Ni apo manje. Motoka iyi ni yafupi, mimba ili pansi. Na mvula iyi izakhala pa matope."

"Ndiye pa boma muzamutsitsa mlongo wanga," anatero a Wilbroad, nthabwala zitatha tsopano, "mumukwezeke pa ngolo ya ng'ombe? Komanso iwe Thandazani, ganiza. Motoka iliyonse ni chitsulo, ingafune kanthu pa njila. Kachitsulo ka Toyota ungakapeze pa Nyimba pafupi na ogulitsa nthochi. Ka iyi uzakayembekeza kuchoka ku Lusaka, odwala ali m'mbali mwa mseu."

"Koma yanu iwapha asanafike ndi ku Chongwe komwe!"

"Yanga izafika."

Thandazani anakhala pansi pa thumba la simenti, nkhope m'manja. Panalibenso wina womupempha. Onse amene anabwera kudzaimba nyimbo m'chipatala, galimoto zawo zinali mwadzidzidzi zitapita kokakonzedwa.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Petronella, mnansi wawo amene ankaimba limodzi ndi mayi ake mu Chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, anali kuwanyowetsa milomo ndi kansalu. A Rhoda anali atatha. Pansi pa bulangete panali ngati palibe munthu, koma maso anali akuthwa monga kale.

"Walumwa ndi chiyani pakamwa?" anafunsa.

"Ndi galimoto ya amalume, amama."

Anawafotokozera zonse. Ya Jethro ndi yofewa ngati bedi, koma ikathera pa boma. Ya amalume ikafika mpaka pakhomo pa agogo, koma imamenya.

"Imene ikafike ndi iti?"

"Amama, simunaimve mmene imadumphira."

"Ndakufunsa imene ikafike."

"Hilux."

"Basi, ndi yomweyo."

"Mudzalira njira yonse. Ine sindingathe kumvanso, amama. Sindingathe."

A Rhoda anatulutsa dzanja pansi pa bulangete n'kumugwira khutu, monga ankachitira ali mwana. "Ululu ndi mlendo kwa iwe, kwa ine ndi mnzanga wogona naye. Chimene ndikuopa n'kufera pa boma, pakhonde la sitolo ya munthu, anthu akundijambula ndi mafoni. Ukatseke makutu ako, undifikitse."

A Wilbroad, amene anabwera naye, anali chilili pakhomo, chipewa m'manja. Anati galimoto yawo imadumpha chifukwa kumbuyo kulibe katundu. Zitsulo zake zapansi anazipangira kusenza, ndipo zikalemedwa zimafewa. Anati aikamo matumba a simenti.

"Simenti pamodzi ndi munthu wopuma movutika chonchi?" anatero a Petronella. Anatulutsa Thandazani ndi amalume ake panja, n'kutsitsa mawu. "Ikanimo ufa. Amayi a Chigwirizano asonkha kale matumba, ali kwathu. Ndi shuga, ndi nyemba. Tinkati tidzatumiza pambuyo, koma kumudziko zidzafunika ndithu."

Thandazani anawayang'ana.

"Mwasonkha kale ufa wa pa maliro? Munthu akupuma m'nyumbamo, inu mwayamba kale kuwerengera anthu odzadya?"

"Mwanawe..."

"Pamene ndinkafuna wondithandiza kuwanyamula kupita ku chimbudzi munali kuti nonse? Ufa ndiye mwafulumira nawo!"

A Petronella ndi amene ankabwera tsiku lililonse, ndipo Thandazani ankadziwa zimenezo. Anapita kuseri kwa nyumba, n'kutsamira khoma, n'kulira mokunga mano kuti mayi ake asamve. Atatha, anasamba kumaso pa mpopi, n'kupita yekha kwa a Petronella kukasenza matumba aja.

Anawasanja kumbuyo kwa Hilux, ena pamwamba penipeni pa matayala, ena m'mbali ngati khoma. Pakati anayalapo matiresi awiri. Galimoto inatsika, n'kukhala ngati yagwada pang'ono. A Wilbroad anachepetsako mpweya m'matayala. Kenaka Thandazani anagonamo, n'kuuza amalume ake kuti adutse pa hampu ya pa msika ija.

Galimoto inakwera, n'kutsika ndi kugunda kwakuya, kolemera. Sinali Benz. Koma mano ake sanagundane.

"Bwanji?" anafunsa a Wilbroad pa zenera.

"Dutsaninso."

M'mawa mwake kunali mitambo. Jethro anabwera wapansi, atanyamula mapilo a pa mipando ya kunyumba kwawo, n'kuthandiza kunyamula a Rhoda pa bulangete, anthu anayi aliyense ngodya yake. Pokweza anabuula kamodzi, thukuta lili mbwee pamphumi. Atawagoneka pakati pa matumba aja anapuma kwa kanthawi, kenaka anatembenuza maso uku ndi uku.

"Ufa wonsewu ngwa chiyani?"

A Petronella anayamba kukonza mpango wawo umene unali wokonzeka kale.

"Ngolemeretsa galimoto, amama," anatero Thandazani. "Kuti isamadumphe."

A Rhoda anasisita thumba limene linali pafupi ndi tsaya lawo. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, ndipo pakona pa mlomo wawo panaoneka kamseko.

"Wachepa," anatero. "Anthu a kwathu simuwadziwa inu. Amabwera ndi ana omwe, ndipo sachoka msanga. Wilbroad, pa Chelstone uime, uwonjezepo lina. Ndisakachite manyazi."

"Chabwino, alongo," anayankha a Wilbroad, ndipo anafulumira kukalowa kutsogolo.

Thandazani anakwera n'kugona pambali pa mayi ake, dzanja lina pansi pa khosi lawo, lina atagwira chitsulo. Jethro anatseka chitseko chakumbuyo mosamala, n'kumenya denga kawiri. Injini inalira nthawi yomweyo.

Anadutsa nyumba za Kabwata pang'onopang'ono, maminibasi akuwaimbira mahutala kumbuyo. Thandazani ankaudziwa msewuwo ndi msana wake tsopano. Atamva amalume ake akuponda mabuleki, anadziwa kuti afika pa hampu ya pa msika.

"Ikubwera, amama."

Matayala akutsogolo anakwera. Akumbuyo anatsatira, n'kutsika ndi kugunda kuja. Zala za a Rhoda zinalowa m'mkono mwake mpaka zikhadabo zinaboola khungu. Anatulutsa mpweya wautali m'mano. Sanakuwe.

"Zatsala zingati?" ananong'ona.

"Zambiri, amama."

"Uzindiuza iliyonse isanafike."

Thandazani anadzutsa mutu, n'kuyang'ana kutsogolo kudzera pa kazenera, kudikira yotsatira.