Tsiku Limene a Mackson Sanakhome

Alamu anga a Annette ndi munthu wabwino, aliyense ku Biwi angakuuzeni choncho. Koma ine ubwino wawowo unatsala pang'ono kundipha msanga kuposa chifuwa.

Munali mu 2004. Adokotala anali atandiuza kuti ndili ndi TB, ndipo ndiyenera kukagonekedwa bedi ikangopezeka. Sanandibisire: mwina masabata, mwina miyezi. Amuna anga, a Leston, ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo, ndipo ankachoka kusanache. Alamuwo, mchemwali wawo, ankakhala nyumba yoyandikana nafe pa poloti yomweyo, koma nawonso masiku ambiri ankalawirira m'tauni kukaoda kaunjika. Ndiye tandiuzani, Yona wanga wa sitandade wani uja akanamudzutsa ndani? Akanamuuza ndani kuti asambe?

Mwanayo sikuti anali wosadziwa, ayi. Kusamba ankatha, kuvala ankatha. Vuto lake linali kuyamba. Ankadzuka n'kukhala pamphasa ngati thumba la makala, kudikira kuti wina anene, "Yona, kasambe." Akasamba ankaima chilili pakhomo pa bafa, madzi ali chuchuchu, mpaka wina anene, "Yona, vala." Tsiku lina ndinakhala chete dala. Anaima pomwepo mpaka kuuma ndi mphepo, khungu lonse mbuu!

Kuseri kwa nyumba yathu kunali a Mackson, okhoma ndowa ndi mbaula. Bambo amenewo dzuwa likangosuzumira, nyundo ili kale pa lata: ngo! ngo! ngo! Zaka zonsezi ndinkawatukwana chamumtima. Tsopano ndinawapezera ntchito.

"Yona, tamvera," ndinatero. "A Mackson akangoyamba kukhoma, ndiye kuti akuuza iweyo. Dzuka, pinda chofunda, tunga madzi m'ndowa, kasambe, dzola, vala, tenga mbatata m'mbale, utsatire anzako kusukulu. Ine pakamwa panga ndatseka."

Zinayamba kuyenda. Malaya ankavala chotembenuza, mafuta ankadzola tsaya limodzi, koma ankayamba yekha. Kenako alamu, tsiku lina osapita m'tauni, anamupeza akulimbana ndi mabatani.

"Mayo ine! Mwana wa achimwene anga ngati wamasiye! Alamu, manja anu aduka kodi?"

Anamuvula, kumusambitsanso, kumupesa, kumuveka, mpaka kumusendera mbatata n'kumuika m'kamwa ngati khanda. M'mawa mwake a Mackson akhoma, akhoma, Yona ali phee pamphasa, maso ali kukhomo kudikira azakhali ake. Ndinapsa mtima mpaka chifuwa chinandibanika.

"Alamu, mwamusambitsa dzulo. Nanga mukakhala ku kaunjika wanuyo, ine ndili kuchipatala, azimusambitsa ndani?"

"Mulungu adziwa. Inu musamalankhule ngati mukutsanzika."

"Sindikutsanzika, ndikuphunzitsa mwana! Chotsanipo manja anu!"

Anakandinena kumpopi kuti matenda andiumitsa mtima. Azimayi omwe aja ankabisa makapu ndikafika pakhomo pawo, kuopa kuti ndimwera, mwadzidzidzi anasanduka akatswiri olera mwana wanga. Zamanyazi! Mpweya wanga unali wochepa woti n'kuwonongera iwowo. Ndinangoyambiranso ndi Yona pomwe tinayambira.

Uthenga unabwera kuti bedi yapezeka, ndipite Lolemba. Tsikulo a Leston analawirira kukapempha akapitawo awo kuti awalole kubwerera kudzandiperekeza. Ine ndinagona maso ali gwa, chikwama changa chili pambali, ndikudikira nyundo. Ndinkafuna ndione ndi maso angawa, komaliza, kuti mwana wanga atha popanda ine. Kuwala kunalowa pansi pa chitseko. Kuseri kuja kuli zii.

Alamu analowa monyang'ama, n'kundinong'oneza monyadira, "Ndawapempha a Mackson kuti lero asakhome. Wodwala amafunika kupuma."

Abale inu! Ndikanakhala ndi mphamvu, mbaula ikanawatera pamutu. Pa masiku onse a Mulungu, anasankha limeneli kuti andichitire chifundo.

"Ndimudzutse?" anafunsa, dzanja lili kale m'mwamba.

"Mukangomukhudza, ine ndi inu chibale chathera pompa. Khalani pansi apo, mutseke pakamwa."

Anakhala. Yona anali atadzuka kale, khutu lili kuseri. Anandiyang'ana, ine ndinaluma chitenje. Anayang'ana azakhali ake, iwo anazolika. Anakhala tsonga pamphasa, manja m'miyendo, thumba la makala lija labwereranso. Kumsewu ana oyambirira anali atayamba kudutsa, akuitanizana. Mantha anandigwira, sindinama. Ndinaganiza kuti tsiku limene a Mackson adzadwale malungo kapena kupita kumaliro, mwana wanga adzakhala chonchi mpaka masana, osasamba, osadya, mbatata ili m'mbale pafupi naye. Ndinafuna kukuwa kuti, "Dzuka iwe!" Mawuwo anafika pakhosi, ndinawameza.

Kenako anaimirira. Sanapinde chofunda. Anapita pa dengu la mbale, natenga supuni, natuluka pakhonde pomwe panali ndowa yathu ya lata.

Ngo! ngo! ngo!

Anasiya, napendeketsa mutu ngati wauzidwa ndi munthu wina. Kenako ndi uyo wathamangira m'nyumba kudzapinda chofunda, ndi uyo watunga madzi, ndi uyo kubafa. Anatuluka yunifolomu ili yokhota, batani la m'mwamba lili m'bowo lachiwiri, chipumi chikunyezimira mafuta, miyendo ili mbuu. Zala za alamu zinayamba kuyabwa. Ndinawaponyera diso, anazikhalira.

Yona anabwera pabedi panga, mbatata dzanja ili, supuni dzanja linalo.

"Amayi, kuchipatalako kuli a Mackson?"

"Kulibe, mwanawe."

"Nanga muzikadzuka bwanji?"

Wodi ya odwala TB ndinali nditaiona kale, ndipo ndinkadziwa kuti si onse ogona mmenemo amene amadzuka. Iye anatsegula chikwama changa, naika supuni ija pamwamba pa kapu ndi mbale.

"Muzikamenya chitsulo cha bedi. Mukamenya muzikadzuka. Tsiku lililonse, mwamva?"

"Ndamva. Nanga iwe?"

"Ina ilipo m'dengumo."

Anatuluka liwiro kutsatira anzake, osacheuka n'komwe. Alamu anayamba kusisima, chitenje kumaso, mapewa akugwedezeka. Inenso maso anali atadzaza, koma ndinawakalipira ndithu.

"Mukulira chiyani, pali maliro pano? Dzukani, mukawauze a Mackson akhome ndowa zawo!"